Dishi yaloza koma wailesi ili ziii: zoyenera kufufuza mukamayendayenda pa mpikisano wa 10 GHz

Chaka chilichonse, kumapeto kwa sabata yachitatu ya Ogasiti komanso ya Seputembala, okonda wailesi a ku United States ndi ku Canada amapakira madishi, mabatire ndi ma tripod m'galimoto n'kuyamba kuzungulira m'mapiri ndi m'mphepete mwa nyanja. Umenewu ndi mpikisano wa ARRL, bungwe la okonda wailesi la ku United States, wotchedwa 10 GHz and Up, wolumikizana pa mafunde a wailesi a 10 GHz ndi oposa pamenepo. Mapointi amatengera mtunda umene siginolo yanu yadutsa, ndipo malamulo amalola kuti mulumikizanenso ndi siteshoni imene munalumikizana nayo kale ngati mmodzi wa inu wasuntha mtunda umene malamulowo amafuna. Lamulo limeneli ndi limene limachititsa kuti ambiri asakhazikike malo amodzi. Rover, kutanthauza munthu woyendayenda chonchi, amaima, kutsitsa katundu, kuimika dishi, kupeza amene angawapeze, kupakiranso, ulendo. Mawa lake chimodzimodzi.

Vuto limene limabwerezabwereza pa maulendo amenewa ndi limodzi. Mwagwirizana ndi mnzanu pa wailesi yokambirana ya mamita awiri (144 MHz) kapena pafoni, wakuuzani pamene ali, nonse mwaloza madishi, iye akuti "ndikutumiza, mukundimva?" koma kwa inu kukungomveka mkokomo wopanda kanthu. Mukupotokola batani la frequency ndi dzanja lamanja, lamanzere likukankha dishi uku ndi uku, anzanu a galimoto zina ayamba kale kupakira. Mphindi makumi awiri zatha, ndipo amene ali paphiri la Greylock ku Massachusetts ali ndi mzere wa anthu ena omudikira.

Pakamwa pa ambiri pamafulumira kutuluka mawu akuti "lero mlengalenga simuli bwino". Ine ndimati mlengalenga muziuimba mlandu pomalizira. Kawirikawiri siginolo imakhala ikufika ndithu pamalo pamene mwaimapo, koma pali zinthu zinayi zimene simukuzidziwa bwino nthawi imodzi: ngati zida zanu zili moyo, frequency yeniyeni imene mukumvetsera, mbali imene dishi yayang'ana, ndi kuweramira kapena kuyang'ana kumwamba kwake. Kusaka zonse zinayi nthawi imodzi n'kutaya tsiku. Zitatu mwa izo mungathe kuzitsimikiza nokha musanaitane aliyense.

Kodi zida zili moyo?

Galimoto ikayenda mumsewu wa miyala wokwera phiri, china chake chimamasuka. Nthawi zambiri amakhala ma connector a SMA, tolumikizira zingwe ting'onoting'ono timene timaoneka tomangika koma tamasuka pang'ono. Pa 10 GHz kumasuka pang'onoko n'kokwanira kupha siginolo yofooka. Agwireni limodzilimodzi ndi zala, mumange ndi sipanala yaing'ono mosakakamiza, chifukwa mukalimbitsa kwambiri kachitsulo kapakati kamapindika.

Kuti mudziwe ngati mbali yolandira ikugwira ntchito simufunika munthu wina. Zimitsani AGC, imene imasintha yokha kukula kwa mawu, ngati wailesi yanu imalola, lozani dishi kumwamba kumene kulibe dzuwa, mvetserani mkokomo. Kenako iweramitseni iyang'ane pansi, kapena iyang'ane mtengo wa masamba ambiri kapena khoma lapafupi. Mkokomo uyenera kukwera momveka, chifukwa nthaka ndi mitengo zimatulutsa phokoso la kutentha kwake pamene thambo lili lozizira. Kuika chikhatho kutsogolo kwa feed, kamlongoti koyang'anizana ndi dishi, kumachitanso zomwezo, bola mutsimikize kuti simukutumiza. Ngati mkokomo sukusintha ngakhale pang'ono, musavutike n'kusaka siginolo ya munthu amene ali pa makilomita 300. Mwina preamp yokulitsa siginolo yolandiridwa yapsa, mwina relay yosinthira pakati pa kulandira ndi kutumiza yakakamira mbali yotumizira, mwina chingwe chaduka m'kati.

Ma relay amene ambiri amagwiritsa ntchito ndi otsala ku mafakitale, opangidwira magetsi a mavoti 24 mpaka 28, ndiye pamakhala kabokosi kokweza magetsi a batire. Batire la mtovu likatopa masana, n'kutsika pansi pa mavoti 12 pamene mwakanikiza kiyi yotumizira, kabokosi kaja kamalephera kukoka relay bwinobwino. M'mawa zonse zinali bwino, madzulo palibe amene akukumvani. Yezani magetsi pa transverter penipeni (bokosi losandutsa siginolo ya wailesi yanu yaing'ono kukhala ya 10 GHz), osati pa batire, ndipo muyeze muli kutumiza. Waya wautali wowonda amadya magetsi panjira. Mabatire a LiFePO4 amasunga mavoti oposa 13 pafupifupi mpaka kumapeto, n'chifukwa chake ma rover ambiri anasamukira kumeneko, koma nawonso ali ndi khalidwe lawo: sachenjeza, amangozima.

Apa pali msampha wina. Mita ikamasonyeza kuti amplifier ikukoka magetsi, munthu amakhutira kuti mphamvu ikutuluka. Ma amplifier ambiri a GaAs a pa 10 GHz amakoka magetsi ofanana kaya akutulutsa kanthu kaya ayi. Chofunika ndi kachipangizo kosonyeza mphamvu yeniyeni ya wailesi, kaya ndi diode yolumikizidwa ku mita yaing'ono, kaya ndi wailesi ya rover mnzanu amene waima chapafupi. Muuzeni alozetse dishi yake kwina ndithu, inunso mutsitse mphamvu, kuti musamuotchere preamp.

Preamp ikamapsa mobwerezabwereza, yang'anani sequencer, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa zidazi mwa ndondomeko. Relay iyenera kumaliza kutembenuka amplifier isanayake, ndipo amplifier iyenera kuzima relay isanabwerere. Yang'ananinso mphamvu imene wailesi yaing'ono ikutumiza ku transverter. FT-817 ya Yaesu imatha kutulutsa mawati 5, ndipo si transverter iliyonse imene inakonzedwa kulandira mphamvu yotere. Batani limagundika m'galimoto munthu osadziwa.

Njira yotsika mtengo yokhalira ndi khutu lachiwiri ndi LNB wamba, kamutu kolandira ka pa dishi ya TV, ya mtundu wa PLL. Oscillator yake ili pa 9750 MHz, ndiye siginolo ya 10368 MHz imatulukira pa 618 MHz, pamene kawailesi ka SDR kobaya pa USB ya kompyuta kamamva bwinobwino. Ndi njira yomweyo imene anthu a ku Africa ndi ku Ulaya amamvetserera setilaiti ya QO-100 pa 10489 MHz. LNB imeneyi frequency yake imayendayenda, koma imakuuzani mosakayika ngati mukutulutsa kanthu.

Frequency

Ku North America aliyense amayambira pa 10368.100 MHz. Ngati wailesi yanu yaing'ono ikugwira ntchito pa 144 MHz, oscillator ya transverter iyenera kukhala pa 10224 MHz kuti 144.100 ifanane ndi 10368.100. M'ma transverter akale nambala imeneyi imapezeka pochulukitsa crystal ya 106.5 MHz ka 96. Ndiye crystal ikangosuntha ndi 100 Hz chifukwa dzuwa laomba pabokosi kapena mphepo yozizira ya kunyanja yadutsa, kumtunda mwasuntha ndi 9.6 kHz. Sefa ya SSB, njira yotumizira mawu, ndi yotakata pafupifupi 2.4 kHz basi. Mnzanu angakhale ndi siginolo yamphamvu bwanji, ngati muli kutali chonchi simumumva, ndipo iyenso akhoza kukhala atasuntha mbali ina ndi muyezo womwewo.

Mankhwala ake ndi kumangirira oscillator ku 10 MHz yodalirika, ya OCXO yabwino (crystal yosungidwa pa kutentha kosasintha) kapena ya GPS. Koma nazonso zili ndi zovuta zake panjira. OCXO imafuna nthawi kuti itenthe n'kukhazikika, ndiye musamaizimitse pochoka malo ena kupita ena. Ipatseni batire lakelake lizingoyaka tsiku lonse. Ya GPS imafuna kuti kamlongoti kake kaziona thambo, osati kakhale kataphimbika ndi jekete pampando wakumbuyo. Ndipo kanyali kosonyeza kuti transverter yagwira 10 MHz ija kaoneni pamalo aliwonse amene mwaima. Kachingwe ka 10 MHz kakamasuka, ma transverter ena amangobwerera ku crystal yam'kati mwakachetechete, inu n'kumakhulupirira nambala ya pagalasi.

Zina n'zochititsa manyazi koma zimachitika kwa aliyense. RIT kapena clarifier, imene imasuntha frequency yomvetsera yokha, yatsala yoyaka kuchokera pa siteshoni yapita. Wailesi ili pa LSB m'malo mwa USB, mitundu iwiri ya SSB. Mmodzi ali pa CW (Morse) wina ali pa USB, ndiye nambala za pagalasi zikufanana koma kulira kwa siginolo kwagwera kunja kwa sefa, chifukwa mawailesi amasiyana m'mene amawerengera kusiyana kwa 600 kapena 700 Hz kwa CW. Sefa yopapatiza ya CW musaiyatse musanamupeze munthu.

Ngati pali beacon, siteshoni yokhazikika yotumiza yokha nthawi zonse, imene imamveka m'deralo, yambani ndi imeneyo pamalo aliwonse, ndipo mulembe pamene mwaimva. Ikamveka 3 kHz pamwamba pa pamene inali m'mawa, mwadziwa kuti ndinu mwasuntha. Ngati beacon palibe, siteshoni yoyamba yamphamvu imene mukudziwa kuti ili pa GPS ikhale muyezo wanu. Wailesi yokhala ndi waterfall (chithunzi cha masiginolo pagalasi), monga IC-705, imafupikitsa ntchito yonseyi, chifukwa kamzere kofooka kamaoneka pagalasi ngakhale kali ma kHz khumi kumbali, khutu lisanamve kanthu. Kwa ine, rover amene ali ndi ndalama zochepa ayambe wagula 10 MHz yodalirika ndi njira yoonera waterfall asanaganize za amplifier yaikulu.

Mbali imene dishi yayang'ana

Apa ndi pamene nthawi yambiri imathera. Dishi ya masentimita 60 pa 10 GHz imaona kampata ka madigiri atatu kapena atatu ndi theka. Pa 24 GHz dishi yomweyo imaona digiri imodzi ndi theka. Zili ngati anthu awiri ali tsidya ndi tsidya la nyanja usiku, aliyense ali ndi tochi yowala kampata kakang'ono, ndipo aliyense amaona kokha kumene tochi yake yaloza. Wina akaphonya, onse awiri ali mumdima.

Kampasi ya m'manja imanama m'njira ziwiri. Yoyamba ndi chitsulo. Mukaima pafupi ndi galimoto, tripod yachitsulo, zotchinga za m'mphepete mwa msewu kapena sipika ya wailesi, singano imapatuka ndi madigiri angapo. Chokani mamita khumi, muime kumbuyo kwa dishi, mupeze chinthu chakutali chimene chili pa mzere umene mukufuna, kaya ndi nsanja, kaya ndi mpata wa pakati pa mapiri, kenako mubwerere mulozetse dishi pa chinthucho. Kampasi ya m'foni ndiye musaidalire n'komwe pafupi ndi galimoto.

Njira yachiwiri ndi kusiyana kwa kumpoto kwenikweni ndi kumpoto kwa maginito. Mapulogalamu amene amawerengera mbali kuchokera pa ma grid, timabokosi ta pamapu tosonyeza pamene munthu ali, amapereka madigiri a kumpoto kwenikweni. Ku Massachusetts singano imapatukira kumadzulo ndi madigiri pafupifupi 14, ndiye pulogalamu ikati 250, pa kampasi muyenera kuwerenga 264. Mukasokoneza n'kuchotsera m'malo mowonjezera, mwaphonya ndi madigiri 28, ndipo kumeneko simudzasakako n'komwe. Kum'mwera kwa California singano imapatukira kum'mawa ndi madigiri pafupifupi 11 kapena 12, ndiye kumeneko mumachotsera. Ku Minnesota kusiyanaku kuli pafupi ndi ziro. Munthu amene anazolowera kuzungulira ndi anzake m'minda ya chimanga ya kumeneko sanakhalepo ndi chifukwa choganizira zimenezi, ndipo akapita ku New England amadabwa kuti dishi yake yasiya kumva.

Njira yabwino kuposa kampasi ndi kukhala ndi bwalo la madigiri pa tripod, lotha kuzunguliridwa palokha, n'kulikonza kamodzi pamalo aliwonse. Mungalikonze ndi beacon, kapena ndi siteshoni yamphamvu imene mukudziwa pamene ili, kapena ndi dzuwa. Pulogalamu ya pafoni imakuuzani mbali imene dzuwa lili pa mphindi imeneyo. Zungulitsani dishi mpaka mthunzi wa mkono wa feed ugwere pakati penipeni pa dishi, ndipo muike bwalo lija pa nambala imeneyo. Njirayi imagwira bwino m'mawa ndi madzulo. Masana a mu Ogasiti dzuwa limakhala pamwamba, mbali yake imasintha msanga ndipo mthunzi umafupika. Mukakonza bwalo, musagundenso mwendo wa tripod. Ena amajambula ndi choko pansi mozungulira mwendo uliwonse kuti akaugunda adziwe. Mangiriraninso batire kapena chigubu cha madzi pansi pa tripod, chifukwa mphepo ya paphiri la Washington ku New Hampshire kapena ya m'mphepete mwa Lake Superior imagwetsa dishi kamodzi n'kamodzi, ndipo feed ikapindika tsiku latha.

Nambala imene mwapatsidwa ikhozanso kukhala yolakwika yokha. Pa mpikisanowu anthu amapatsana grid ya Maidenhead ya zilembo ndi manambala asanu ndi limodzi, monga FN32jp ya paphiri la Greylock. Kabokosi kameneka ndi ka makilomita pafupifupi 4.6 kuchokera kumpoto kupita kum'mwera, ndipo pulogalamu imawerengera kuchokera pakati pake. Ngati mnzanu ali pa makilomita 300, zilibe kanthu, chifukwa digiri imodzi pa mtunda umenewo ndi makilomita asanu. Koma ngati ali pa makilomita 30, iye ali m'mphepete mwa kabokosi kake inunso m'mphepete mwa kanu, mukhoza kuphonya ndi madigiri asanu kapena kuposa. N'chifukwa chake nthawi zina siteshoni yapafupi imavuta kuipeza pa 24 GHz kuposa yakutali pa 10 GHz. Pa mtunda waufupi funsani malo enieni a GPS. Komanso pa wailesi yokambirana, zilembo monga B, D ndi P zimamveka mofanana. Bwerezani grid yonse ndi mawu ake otchulira zilembo, mnzanuyo avomere. Ndipo mukasuntha, sinthani grid yanu mu pulogalamu. Rover wotopa amawerengera mbali kuchokera pamalo amene anachokako ola lapitalo.

Chinanso chimene ambiri sachiganizira: mnzanu akati "ndikukuloza pa 80", si kuti inu muloze pa 260 ndendende. Dziko ndi lobulungira. Pa njira ya makilomita 400 yochokera kum'mawa kupita kumadzulo, chapafupi ndi malire a United States ndi Canada, kusiyana kwake kumafika madigiri atatu ndi theka, kampata konse ka dishi yanu. Aliyense awerengere nambala yakeyake.

Kuwerama kwa dishi

Ma rover ambiri amagwiritsa ntchito madishi a TV ngati amene timawaona pamadenga, okhala ndi feed m'munsi. Dishi yotere siyang'ana kumene nkhope yake ikuoneka kuti yayang'ana. Ikaima chilili, imakhala ikuyang'ana kumwamba ndi madigiri makumi awiri ndi kanthu, kutengera mtundu wake. Kuti iyang'ane kumene thambo lakumana ndi dziko, iyenera kuweramira kutsogolo mooneka ngati yaloza pansi, ndipo alendo odzaona malo amabwera kudzakuuzani mwachifundo kuti dishi yanu yagwa. Pezani malo oyenerawo kunyumba pogwiritsa ntchito beacon yakutali, mumangirire kalevulo ka madzi kapena ka digito kumbuyo kwa dishi, mulembe nambala yake ndi penti.

Ngati mwapeza anthu a kumpoto mosavuta koma a kum'mwera onse azimirira, kayikirani tripod. Ikapendekeka ndi madigiri atatu, dishi imayang'ana kumwamba ndi madigiri atatu mbali ina ndi pansi ndi madigiri atatu mbali inayo. Malo oimikapo galimoto pamapiri sakhala athyathyathya. Ikani levulo pamutu wa tripod, muzungulitse dishi kuzungulira konse, muone ngati kathovu kakukhala pakati.

Za polarization, kutanthauza ngati mafunde ali choimirira kapena chopingasa, n'zachidule. Onse pa mpikisanowu amagwiritsa ntchito yopingasa. Pa waveguide ya WR-90, paipi ya makona anayi yodutsamo mafunde, ndiye kuti kamwa lake liime chotalika kuchokera pansi kupita m'mwamba, mbali yaifupi ikhale yopingasa. Maso amakonda kuganiza mosemphanitsa. Amene anamasula feed kuti ikwane m'galimoto n'kuibwezera chotembenuza amataya ma dB makumi awiri kapena kuposa a mphamvu ya siginolo, ndipo amangomva anthu apafupi okhaokha.

Mmodzi asunthe, wina adikire

Zonse zikakhala bwino, pamatsalabe kukumana, ndipo apa pamafunika mwambo. Amene ali ndi mphamvu zambiri kapena dishi yaikulu ndiye ayambe kutumiza. Atumize mizere ya CW yobwerezabwereza ndi keyer, kachipangizo kotumiza Morse kokha, osati kulira kosalekeza, chifukwa kulira kosalekeza kumafanana ndi timaphokoso timene wailesi imapanga yokha, ndipo anthu atayapo nthawi akulozetsa dishi pa phokoso la m'bokosi lawo lomwe. Kuyesa kwake n'kosavuta: sunthani dishi. Ngati kulirako sikusintha, si kochokera kunja.

Wotumiza asakhudze dishi yake kwa mphindi ziwiri zathunthu. Womvetsera aike dishi pa nambala yowerengedwa, asake frequency pang'onopang'ono ma kHz khumi uku ndi uku. Akapanda kumva, asunthe dishi madigiri awiri, asakenso. Akapeza kanthu, asiye batani la frequency, akonze mbali, kenako kuwerama, kenako mbali kachiwiri, amange zomangira, ndiyeno asinthane kuti winayo akonzenso dishi yake. Ngati onse awiri akusuntha madishi nthawi imodzi, akhoza kudutsana maulendo khumi osadziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Siginolo ya kutali imakwera n'kutsika pa masekondi angapo, ndiye amene akuzungulitsa dishi mothamanga amaidumpha pamene yatsika.

Pali thandizo lina limene magulu oyenda limodzi amagwiritsa ntchito. Amene ali ndi zida zabwino m'gulumo apeze siteshoni yakutaliyo poyamba, anene frequency ndi chinthu chakutali chimene dishi yake yaloza, enawo angotsatira mmodzimmodzi. Pa nthawi imeneyo ena onse asatumize. Ndipo musaime kutsogolo kwa dishi ya mnzanu, kapena kulola ana a alendo kusuzumira mu feed. Mawati awiri okha pa dishi ya masentimita 60 amasonkhanitsidwa kukhala ofanana ndi makilowati anayi kapena asanu mbali imene yaloza.

Wailesi yokambirana ija ndi yogwirizanirana zoti muyese, basi. Callsign (dzina la siteshoni) ndi grid ziyenera kumveka pa microwave penipeni, kutanthauza pa 10 GHz kapena kuposa. Kunena pa mamita awiri kuti "ndamva FN, bwerezani zotsalazo" kapena kufunsa kuti "chomaliza chija ndi p?" n'kuwononga kulumikizanako, ngakhale palibe amene akukuonani.

Tsopano mlengalenga

Mukatsimikiza zonsezi, ndiye mungayambe kuyang'ana njira. Choyamba ndi chimene chili pamphuno panu. Mtengo umodzi wa masamba anyowa pa mamita makumi awiri umameza siginolo kuposa makilomita zana a mpweya. Kunyamula tripod n'kuisunthira mamita asanu pamene pali mpata kumathandiza kuposa kuwonjezera mphamvu kawiri. Malo ambiri amene anali otseguka zaka khumi zapitazo pano mitengo inakula, ndiye zolemba zakale za malo abwino muzizitenga mosamala.

Munthu amene waima mamita 100 pamwamba pa chigwa, wailesi yake imaona mwachindunji pafupifupi makilomita 41. Kupitirira pamenepo siginolo imabwera yomwazika ndi mpweya wa m'mwamba, yofooka ndi yogwedezeka, ndipo CW imadutsa pamene mawu a SSB akanika. Amene sadziwa CW akhoza kuyesa Q65, njira yotumizira ndi kompyuta ya mu pulogalamu ya WSJT-X, koma imafuna kuti wotchi ya kompyuta ikhale yolondola ndiponso frequency isamayendeyende, ndiye tabwereranso ku GPS ija.

Pa nyanja zikuluzikulu monga Superior ndi Michigan, mpweya wofunda ukakhala pamwamba pa madzi ozizira pamapangika mpata umene umanyamula siginolo kutali modabwitsa. Mpatawu nthawi zina umakhala pansi kwambiri, moti amene waima pamchenga amamva bwino kuposa amene wakwera paphiri. Ngati muli pamwamba ndipo anzanu a m'mphepete mwa madzi akulumikizana ndi tsidya lina inu osamva kanthu, tsikani. Mpatawu umakonda m'mawa ndi madzulo, ndipo mphepo ikalimba umasweka.

Mvula ya mabingu ndi bwenzi pa 10 GHz. Madontho akuluakulu amamwaza siginolo, ndiye masiteshoni awiri amene phiri lawatchinga akhoza kupezana onse akaloza pa mtambo umodzi, ngakhale uli chakumbali kwa njira yawo. Yang'anani mapu a radar pafoni, mugwirizane mtambo wake, mukwezeko dishi madigiri angapo ngati uli pafupi. Siginolo yotere siilira mwaukhondo. CW imamveka ngati kupuma kwa mphepo, mawu a SSB amasasa mpaka osamveka, ndipo frequency imasuntha pang'ono chifukwa madonthowo akuyenda. Amene sanazimvepo amaidutsa akuganiza kuti ndi phokoso. Ikakhala yamphamvu, FM imamveka bwino kuposa SSB. Koma mabingu akayandikira, pamwamba pa phiri pafupi ndi tripod yachitsulo si malo okhalapo. Lowani m'galimoto.

Pa 24 GHz chinyezi ndi mdani, chifukwa nthunzi ya madzi imameza mafunde kwambiri chapafupi ndi 22 GHz. Njira imene inatheka m'mawa wouma wa Seputembala ikhoza kukanika masana a chinyontho a mu Ogasiti popanda cholakwika chilichonse pa zida. Yambani mwapezana pa 10 GHz, mumange dishi pamenepo, kenako musinthe bandi osaisuntha. Ngati ma feed a mabandi awiriwa sayang'ana malo amodzi ndendende, yezani kusiyana kwake kunyumba, mukulembe pa dishi.

Nanga muleke liti? Ngati mwatumiza mbali zonse ziwiri, mphindi ziwiri ziwiri, maulendo awiri, ndipo pa waterfall palibe ngakhale kamzere, pamene beacon kapena siteshoni ina mukuimva bwinobwino, uzani mnzanuyo kuti muyesanso pamalo otsatira. Lembani m'buku nthawi, grid yanu, mbali imene munaloza ndi chimene chinali kutsogolo kwa dishi, kuti chaka chamawa mudziwe ngati malowo ndi oyenera kuimapo polowera mbali imeneyo. Musanapakire, yang'anani kuti grid imene mwalemba pa onse amene mwawapeza pamalopo ndi ya pamene mwaima, ndipo muyeze pamapu ngati malo otsatirawo alidi pa mtunda umene malamulo amafuna kuchokera pano poyeza mowongoka, chifukwa mita ya galimoto imawerenga ndi makhotolo a msewu omwe.